Mpira waulere wanditha m'thumba

Amene anali ndi dishi padenga mu Julaye 2013 akukumbukira maliro opanda mtembo amene anagwa m'makomo mwathu. Kampani ya Sentech ya ku South Africa inatseka siginolo ya SABC, khoti litagamula mlandu umene wailesi ya kanema ya eBotswana inakadandaula, ndipo madikoda a Philibao ndi a Wiztech kuyambira ku Harare mpaka ku Ndirande anangoti bii. Amayi amene ankadziwa za banja la a Moroka mu Generations kuposa za abale awo akumudzi anatsala ndi Emmanuel TV. Chaka chimenecho m'nyumba zambiri munapempheredwa kwambiri, ena mosafuna.

Kuyambira pamenepo amuna a m'tauni tili ndi matenda amodzi: timakhulupirira kuti kwinakwake kuli nambala, ndipo tsiku limene tidzaipeze kumwamba kudzatseguka. Ine matendawa anandigwira mochedwa, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amayi akunyumba anayala mabilu patebulo, ndipo mpira wa ku England unagonja kwa ufa ndi makala popanda nthawi yoonjezera.

Wondipatsira matendawa ndi mlamu wanga wa ku Joni. Anabwera pa Khirisimasi ndi kabokosi kakuda, kopanda dzina lodziwika, malangizo ake olembedwa m'zilembo zimene ngakhale mwana wanga wa Folomu 3 anazitembenuza chadodolido.

"Alamu," anatero, "ochenjera salipira. Mungoikamo softiweya, zonse zitseguka, mpaka za ku Arabia."

Anandiphunzitsanso zaumulungu zake. Setilaiti ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, ikuzungulira limodzi ndi dziko, n'chifukwa chake imaoneka yoima malo amodzi. Siginolo yake imagwa ngati mvula, padenga la wolipira ndi la wosalipira. "Ndiye chagwera padenga panu n'cha ndani?" Ine ndine mkulu wa mpingo, koma funso limenelo ndinalisiya lidutse. Chimene mlamu sananene n'chakuti zithunzi zimatsika zosokonezedwa dala, ndipo kiyi wozikonzera ali m'manja mwa eni ake. Pa 2 Januwale iye anakwera basi kubwerera ku Joni.

Choyamba chinali kuloza dishi. Ma setilaiti amene timawafuna kuno ndi awiri: Intelsat 20 pa madigiri 68.5 kum'mawa, ndi Eutelsat pa madigiri 36. Madigiri amenewa papepala amaoneka aulemu. Padenga la malata, masana a Januwale, ndi sipanala ya 10 m'kamwa, amasanduka chipongwe. Mwana wanga anaima pawindo kumandiwerengera.

"Adadi, strength 90!"

"Nanga inayo?"

"Quality ziro!"

Ndinaphunzira kuti nambala yoyambayo imangotanthauza kuti waya walumikizidwa ku LNB, kachipangizo ka kutsogolo kwa dishi kaja. Mukhoza kuloza dishi kuchimbudzi kwa aneba, strength idzakhalabe 90. Yachiwiriyo ndiyo imaona setilaiti, ndipo imathawa mukangosuntha dishi pang'ono ngakhale pomanga nati. Nditatsika, lata limodzi linali litapindika pamene ndinagwada. Alandilodi sanadziwebe, koma beseni limene timaika pakona pabalaza likudziwa.

Kenako softiweya. Malangizo anati fulashi ikhale ya FAT32. M'nyumba munali fulashi imodzi, ya amayi, ndipo kompyuta ya kuntchito inandifunsa mwaulemu ngati ndikutsimikiza kufufuta zonse za m'fulashimo. Mwamuna safunsidwa kawiri. Pamenepo panathera nyimbo za kwaya ya Mvano pamodzi ndi zithunzi za chinkhoswe cha mng'ono wawo. Nkhani imeneyi sinathe, ndipo ankhoswe akuidziwa.

Bokosi litalandira fulashi linalemba chenjezo m'Chingerezi kuti lisazimitsidwe mpaka litamaliza. Amene analemba chenjezo limenelo sanakhalepo kwathu kuno. Kamzere kanayenda bwinobwino, kanadutsa theka, ine n'kuyamba kuimba mluzu, magetsi n'kuthima. Atayaka usiku, bokosi linangolemba mawu amodzi kutsogolo kwake, "boot", ndipo linakhala pa "boot" pomwepo mpaka m'mawa, mpaka Lamlungu.

Ndinalikulunga m'nyuzipepala n'kupita nalo ku msika wa Limbe, kwa mnyamata wina wokonza mafoni ndi madikoda. Sanandifunse n'komwe chachitika.

"Madala, magetsi kapena fayilo yolakwika?"

"Magetsi."

Analitsegula, n'kuyang'ana m'kati, n'kuseka. "Zonse ziwiri. Mabokosi awa kunja amafanana, koma chipi cha m'kati n'chosiyana. Fayilo munaikayo ndi ya msuweni wake. Magetsi anangokuthandizani kuti mukhale ndi wom'namizira."

Analidzutsa ndi waya wa RS-232, wa mapini 9 uja, womangirira ku kompyuta yakale yoti ikanakhala munthu bwenzi ili pa penshoni. Ndalama imene anatchula ndinauza amayi theka lake.

Tsopano tinafika pa nambala zija. Pali katsekedwe kotchedwa BISS, kamene bungwe la European Broadcasting Union linakonza kuti mawailesi a kanema azitumizirana zithunzi okhaokha, monga kuchokera kubwalo la mpira kupita ku situdiyo. Kiyi wake pabokosi langa amalowa ndi zilembo 16, manambala 0 mpaka 9 ndi malemba A mpaka F. Muyese kulemba zimenezo ndi rimoti ya mabatire otafunidwa, magalasi mutaiwala kuntchito, B akuoneka ngati 8. Ndinalemba, n'kufufuta, n'kulembanso, tambala woyamba n'kulira. Mwadzidzidzi chithunzi chinabwera. Ndinadzutsa nyumba yonse.

Linali bwalo la mpira lopanda munthu, kudziko limene sitinalidziwe. Bambo wina wovala jekete ankathirira kapinga. Wojambula ankayesa kamera yake, kuyandikitsa mpando, kuubweza, kuyandikitsanso. Panalibe woulutsa mawu, panalibe nyimbo. Tinaonera bambo wothirira uja mpaka anapinda paipi yake.

"Abambo," anatero amayi, chitenje chili m'khosi, "timu yanu ndi iti pamenepa?"

Madzulo ake, nthawi ya mpira weniweni, eni ake anali atasintha kiyi.

Mnyamata wa ku Limbe anati ndisiye za ana, ndilowe CCcam. Apa nkhani yake ndi yotere: munthu wina kwinakwake ali ndi khadi lenileni lolipiridwa. Kiyi wotsegula chithunzi amasintha pafupifupi masekondi 10 aliwonse, ndiye kompyuta ya munthuyo imatumiza kiyi watsopano pa intaneti kwa aliyense amene wam'lipira. Mwamva bwino, amene wam'lipira. Mpira wanga waulere unapeza mwini, munthu wa pa WhatsApp amene chithunzi chake ndi mkango, wofuna zake mwezi ndi mwezi. Pamwamba pake bandulo, chifukwa bokosi liyenera kukhala pa intaneti usiku ndi usana.

Ndipo netiweki ikachedwa pang'ono, kiyi amafika mochedwa, chithunzi chimauma. Sichiuma pa nthawi yopuma, kapena osewera akumwa madzi. Chimadikira penate. Ndaonapo wosewera wa Arsenal ataima mwendo uli m'mwamba, goloboyi ali m'malere, ine nditagwira foni pawindo kusaka netiweki, mpaka phokoso la kwa aneba olipira n'kundiuza zotsatira. Akakuwa kwambiri ndiye kuti chalowa. Akatukwana, chapita kunja. Vuto n'lakuti m'nyumba imeneyo bambo ndi wa Arsenal, ana ndi a Manchester United, choncho phokoso lililonse limafuna womasulira.

Makampani a kanema nawo sagona. Masiku ano amamangirira khadi ku dikoda yake yokha kuti kiyi asagwire ntchito kwina, ndiye matchanelo anayamba kuzima limodzilimodzi. Ndinalembera mkango uja. Uthenga woyamba unalandiridwa, wachiwiri unatsala ndi kachongi kamodzi, kenako chithunzi cha mkango chinachoka.

Amayi ali ndi kope limene amalembamo za banki m'khonde, ndipo kumapeto kwake anatsegula tsamba langa: mnyamata wa ku Limbe, minibasi, mabandulo, mkango, mabatire, fulashi yatsopano, phula lomatira denga. Anawonkhetsa n'kundisonyeza osalankhula. Ndinati masamu a azimayi saganizira za luso limene munthu wapeza.

Lusolo ndi lenileni, mwatsoka. Mbiri yamveka m'dera lathu kuti ndine injiniya. Loweruka lapitali ndinazemba kupita ku vidiyo shoo ya kumsika, ndinalipira pakhomo ngati mwana wa sukulu, n'kukhala pabenchi lakumbuyo chipewa chili kumaso. Mphindi 80 zitakwana, zigoli zili 1-1, chithunzi chinauma. Anyamata anayamba kuponya makoko a mtedza, mwini wake akumenya dikoda ndi chikhatho. Kenako mwana wina anatembenuka n'kundiloza.

"Musadandaule, a injiniya ali pompano!"

Benchi lonse linandipatsa njira, ndipo mwini shoo anandipatsa rimoti ndi manja awiri.