Tiwombere M'manja Timahedifoni Totchipa

 Achinyamata a kwa Kabudula, a ku Nsaru, a ku Nambuma, a pa Mpingu mpaka ku Namitete, ngati mukumva, ambiri mwa inu m'makutu muli alendo.

Alendo omwewo ndi amene ndabwera kudzawayamikira. Anafika m'dera lathu osaodira, kwa amfumu sanakaonekere, koma lero apeza malo pomwe ngakhale malangizo a makolo amalephera kulowa. Ndikunena timahedifoni topanda chingwe, tija timagona tiwiri m'kabokosi, timene pa katoni pake pamalembedwa zilembo zitatu zaulemerero, ANC, kulonjeza kuti tidzathetsa phokoso lonse lotizinga. Todula ta Apple, Bose kapena Sony tili nawo kale oimbira nthungululu. Ine tanga ndi tija ta pa tebulo la venda tsiku la msika, pakati pa maloko, matochi ndi mankhwala a makoswe. Timeneto palibe anatinenerapo zabwino, ndipo chimenecho n'chinyengo chofunika kuchikonza.

Kwathu kuno mlendo timayamba tamufunsa kwawo ndi mtundu wake. Timahedifoniti si ana otola. Kholo lake ndi katswiri wa ku Germany, Paul Lueg, amene mu 1936 analandira chikalata chomutsimikizira kuti ndiye mwini nzeru yothetsa phokoso ndi phokoso linzake. Nzeruyo inatenga zaka zambiri isanafike pamsika. Mu 1978 Amar Bose, ali m'ndege kuchokera ku Ulaya kupita ku America, anakwiya kuti kulira kwa injini kukumutsekera nyimbo, nayamba kulemba masamu ake pomwepo. Mu 1986 Dick Rutan ndi Jeana Yeager anazungulira dziko lonse pa ndege ya Voyager osatera, atavala mahedifoni oyeserera a kampani yake. Mu 1989 oyendetsa ndege anayamba kuwagula, ndipo mu 2000 okwera nawonso anapatsidwa awo. Apple inadula chingwe mu 2016 ndi AirPods, n'kuikamo luso lothetsa phokoso mu 2019. Pamenepo mzinda wa Shenzhen ku China, ndi msika wake waukulu wa Huaqiangbei, unati zabwino sizingathere kwa olemera okha. Kuchokera kumeneko, m'makontena ndi m'zikwama za amalonda, zidzukuluzi zinafika ku Lilongwe, n'kukwera minibasi kubwera kuno. Chinthu chobadwira woyendetsa ndege lero chili m'khutu mwa mnyamata amene ndege amangoiona ikutsikira ku Lumbadzi iye ali m'munda wa soya. Chitukuko chikamatchulidwa pamisonkhano, bwanji osatchulako chimenechi?

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kochititsa kaso. Phokoso ndi mpweya umene ukukankhidwa ndi kukokedwa mofulumira mpaka kudzagwedeza ng'oma ya khutu. M'kahedifoni koona muli kamaikolofoni kamene kamamvetsera phokoso la kunja, ndi kaubongo kamene kamapanga phokoso lina lotsutsana nalo ndendende: pomwe la kunja likukankha, ili likukoka, pomwe likukoka, ili likukankha. Awiriwo akakumana pakhomo la khutu amathana mphamvu, mwini khutu n'kumva bata. Koma lusoli limapambana pa phokoso lolemera, lotsika, losasinthasintha, monga la injini ya dizilo ya pachigayo, la jenereta, kapena la minibasi pa msewu wa ku Mchinji. Mawu a munthu, kulira kwa khanda, tambala ndi mbuzi zimasintha msanga ndipo n'zokwera, choncho kaubongo kaja kamalephera kuzitsekereza bwinobwino.

Apa ndi pomwe pali ukoma woyamba: timahedifoniti n'taulemu. Timalimbana ndi makina, koma munthu akatsegula pakamwa timapatuka. Mkamwini amene anagulitsa ndowa za mtedza kuti apumuleko ku mawu a kuchikamwini wapeza kuti chigayo chakhala chete, njinga zamoto za kabaza zaziralako, koma apongozi akafunsira kuseri kwa nkhokwe kuti denga la khitchini lifoleredwa liti, funsolo likufika lonse, losaphwanyika ndi pang'ono pomwe. Akatswiri a ku America ndi ku China anathira ndalama zankhaninkhani pa luso limeneli, mapeto ake n'kupanga chipangizo chodziwa mwambo wa Achewa kuposa mwini wake.

Ukoma wachiwiri ndi kudzichepetsa. Tambiri totchipa sitidzitama ndi ntchito, timangosiya zilembo pa katoni zilankhule. Onetsetsani bwino, abale, chifukwa pena palembedwa ANC, pena ENC, ndipo kusiyana kwa chilembo chimodzicho n'kwakukulu. ENC imasefa mawu anu pamene mukuimba foni, kuti amene ali kutsidya linalo akumveni bwino. Inuyo phokoso lanu lili pomwepo. Ndi katundu uti winanso amene mumagula ndi thukuta lanu kuti apindule ndi achimwene a ku Joni amene mukuwapempha ndalama ya feteleza? Tina tilibe zonse ziwiri. Ukatikhudza, mayi uja wokhala m'katimo amalengeza m'Chingerezi kuti bata layamba, koma chomwe chachepetsa phokoso ndi kamphira kotseka khutu basi, ntchito imene thonje limaigwira kuyambira kalekale popanda kutchaja. Tinanso timavala dzina ndi nkhope ya makampani otchuka, katoni yonyezimira, chikomekome cha mkuyu. Ena amati kumeneko n'kuba. Ine ndimati n'kuphunzitsa. Safunsa anadya phula, ndipo amene wagula feki kamodzi amatuluka ali katswiri wowerenga makatoni, maphunziro amene ngakhale pa Namitete Technical College sangawapereke pa mtengo wotsika chotero.

Ukoma wachitatu ndi kutukula malonda a m'dera. Mahedifoni achingwe anali odzikonda: ukagula wagula, sapemphanso kanthu. Awa opanda chingwe amabwera ndi mimba zitatu, kakumanzere, kakumanja ndi kabokosi, kuphatikiza foni kukhala zinayi, zonse zofuna kudya. M'dera limene midzi yambiri mawaya a ESCOM imangowaona akudutsa m'mbali mwa msewu, njala imeneyi ndi dalitso kwa mwini babashopu, mwini sola ndi aliyense wotchajitsa mafoni pa Nsaru. ANC ikakhala yoona, imadya batire msanga kuposa ikakhala yozimitsa, kotero amene anagula chenicheni ndiye amayenda kawirikawiri ulendo wokatchajitsa. Ndipo timabatire take tinamatiridwa m'kati. Tikatopa, patatha chaka kapena ziwiri, wokonza mafoni amangotitembenuza, n'kupukusa mutu, n'kukulozerani kwa venda yemwe uja. Ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu yense wochokera kunja anakwera mtengo, koma venda wa timahedifoni sanasowe makasitomala, chifukwa katundu wake amadziwa kufa pa nthawi yake.

Nanga za kukhulupirika m'banja, ndani angapose? Kahedifoni kamodzi kakagwera m'munda wa mtedza, m'chigafa pakati pa fodya, kapena m'dzenje lija sitilitchula pagulu, kotsalako sikalola chokolo. Mungakabweretsere kanzake ka m'kabokosi kena, kofanana nkhope, kochokera fakitale imodzi, kaŵirikaŵiri kamakana kwamtuwagalu. N'chifukwa chake pa msika muona anyamata ambiri ovala khutu limodzi. Musawaseke, akulira maliro. Komanso khutu lotsalalo ndi limene limawapulumutsa, poti ndi lokhalo limamva amayi akamaitana.

Ukoma wachinayi ambiri sanauzindikire. M'mafoni ochuluka, chingwe cha mahedifoni akale ndicho chinkagwira ntchito ya eriyo ya wailesi ya FM. Mlimi ankalowetsa chingwe, n'kumva MBC, Zodiak kapena Radio Alinafe kwaulere, khasu lili m'manja. Ankamva mitengo ya fodya ku okushoni ya ku Kanengo, za makuponi a feteleza, za nyengo, ndi mauthenga a maliro. Kodi mwa zonsezi ndi iti imene inakondweretsapo mtima wa munthu? Timahedifoni topanda chingwe tinachotsa chingwe, wailesi n'kupita nacho. Tsopano wofuna nkhani agule bandulo, wopanda bandulo amvere nyimbo zomwezo za pa memore khadi mpaka aziloweze. Mtendere wa mumtima wotere ena amaufunafuna kumapiri ndi kusala kudya.

Odana ndi alendowa ali ndi milandu iwiri, ndipo sindiithawa. Woyamba ndi wa pamsewu. Amati wa kabaza wovala timahedifoni sangamve thiraki ya ku Chipata ikubwera kumbuyo pa msewu wa M12, makamaka poti kulira kwa injini ndi phokoso lenileni limene ANC imalidziwa kuthetsa. N'zoona, ndipo achipatala cha St Gabriel's ku Namitete ndi cha kwa Kabudula ali nayo kale ntchito yokwanira popanda ife kuwaonjezera. Koma taonani chifundo cha totchipa: popeza tambiri ANC yake ndi ya pa katoni pokha, thiraki imamvekabe, bola nyimbo isakhale pamwamba. Chinyengo cha fakitale chasanduka mlonda wa moyo. Todula tili ndi batani lolowetsera mawu a kunja. Tathuti timalowetsa popanda kupemphedwa.

Mlandu wachiwiri ndi wa makutu enieniwo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limachenjeza kuti achinyamata oposa 1 biliyoni ali pa chiopsezo chogontha chifukwa cha kumvera mokweza, ndipo limati munthu wamkulu asapitirire madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata. Phindu lenileni la ANC yoona lili pomwepa: phokoso la kunja likachepa, munthu sakweza nyimbo. Koma mnyamata wathu akaima pamzere wa pachigayo, n'kuona kuti bata lolonjezedwa silikubwera, amakweza voliyumu mpaka pothera, kuti nyimbo igonjetse injini. M'kati mwa khutu muli timaselo tosalimba timene timanyamula mawu kupita ku ubongo, ndipo tikafa sitimeranso. Poyamba amamva kulira kwa nyenje usiku kopanda nyenje. Kenako amayamba kufunsa kuti "mwati bwanji?" kawiri katatu. Pomaliza chigayo, tambala, mbuzi ndi apongozi omwe, zonse zimazilala. Ndiye ndani anganene kuti timahedifoniti tinanama? Tinalonjeza kuthetsa phokoso, ndipo timathetsadi, kungoti timatenga zaka, ndipo bata lakelo silifunanso kutchaja.

Ndikudziwa chimene chikuwawa akuluakulu. Mudzi wathu umayenda ndi khutu. Mlendo amaodira ali pabwalo. Mbava ikalowa m'khola, ndi mfuu imene imadzutsa anthu. Ng'oma ikalira kudambwe, wosavinidwa amadziwa njira yoti asadzere. Zovuta zikagwa, uthenga umayenda pakamwa khomo ndi khomo, ndipo wodutsa pa njinga amatsika akafika pa masamba oyalidwa pamsewu. Gogo akati "mwaswera bwanji, mdzukulu wanga?" amayembekezera kuti munthu aime, awerame pang'ono, ayankhe kuti "ndaswera bwino, kaya inu agogo." Lero gogoyo amalandira kugwedeza kwa mutu, ndipo sadziwa ngati ndi moni kapena ndi gitala. Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma mnansi wa masiku ano akabwera kudzatsina amapeza pakhutupo pali kale mwini malo. Komabe tisaiwale kuthokoza: batire la totchipa silichedwa kutha. Maola ochepa okha, mwana uja amabwerera m'mudzi, makutu ali pululu, wokonzeka kutumidwa. Tikanakhala ndi todula, tikanamuona liti?

Choncho, mafumu anga, ndikupempha kuti alendowa apatsidwe malo, koma monga mkamwini aliyense, ayambe ayesedwa. Wofuna kugula apemphe venda kuti apite nato kufupi ndi chigayo chikulira. Avale, asankhe kamphira kokwana bwino khutu lake, asaike nyimbo ili yonse, ayatse ANC, azimitse, ayatsenso. Kugunda kwa injini kukamatsika ndi kubwerera, wapeza chenicheni, ndipo adzichitire chifundo posakweza voliyumu kupitirira theka ndi pang'ono. Kukapanda kusintha, wagwira thonje la pulasitiki. Aone ngati tonse tiwiri tikulira, ngati kabokosi kakulandira moto, ngati chingwe chake chotchajira chikufanana ndi cha foni yake, ndipo afunse ngati angabweze mawa zikavuta. Pa njinga ndi pamaliro, timahedifoniti tibwerere m'kabokosi.

Venda akayankha kuti, "Bwana, katoni sitsegula musanalipire, koma ndi orijino, ndikulumbira," musakwiye naye. Muthokozeni, bwezani ndalama m'thumba, mukagulire ana sopo ndi makope. Pa zabwino zonse zimene timahedifoni totchipa timachitira anthu a kwa Kabudula, chachikulu timachichita tikatsala pa tebulo.