Ndifunseko za kuyezetsa usanapite kunja

Ndifunseko, poti kufunsa ndi kudziwa njira. Munthu wokhala ku Malawi, ku Zambia kapena ku Zimbabwe akafuna viza yokakhala ku Britain kupitirira miyezi 6, amayenera kuyamba wayezetsa chifuwa chachikulu cha TB. Amamujambula pachifuwa ndi X-ray. Dokotala akakayikira chithunzicho, munthuyo amapereka makhololo masiku atatu otsatizana, ndipo zotsatira zake zimatha kutenga milungu 8. Apa ndilibe mawu. TB imapha, imayenda ndi mpweya, ndipo boma lililonse liyenera kuteteza anthu ake.

Koma nanga wopita kukacheza miyezi 5 samuyeza chifukwa chiyani? Akuti matendawa amagwira kwambiri anthu amene mukukhala nawo nthawi yaitali m'nyumba imodzi. Chabwino. Kodi mlendo wa miyezi 5 amagona panja? Si uja amafikira kwa mwana wake, n'kumalera zidzukulu, kudya nazo mbale imodzi? Ngati mantha ali pa kachilombo, malire a miyezi 6 achokera kuti?

Funso lina. Dokotala amene wandithandiza kuyambira ndili mwana, amene akudziwa bwino thupi langa, kalata yake siigwira ntchito. Iyenera kuchokera ku chipatala chovomerezedwa ndi unduna wa Home Office wa ku Britain basi, ndipo ikatha miyezi 6 yatha mphamvu. Ndikumvetsa kuti akuopa ziphaso zachinyengo. Komabe wa kumudzi wakutali ayenera kupeza ya thiransipoti, ya malo ogona ndi yolipira kuchipatalako, viza asanaione n'komwe. Akamukaniza viza, ndalama zimenezi am'bwezera ndani?

Chimene chimandisowetsa mtendere kwenikweni ndi nkhani ya HIV. Dziko la America linkayeza magazi a anthu ofuna kusamukirako, ndipo wopezeka ndi kachilomboka ankatha kukanizidwa. Lamuloli linachotsedwa mu January 2010, ataona kuti HIV sifala pokhala pamodzi, popatsana moni kapena pokwera basi imodzi. Koma zimenezi madokotala anali atazidziwa kale zaka zambiri m'mbuyomo. Ndiye zaka zonsezo ankateteza yani? Amene analekanitsidwa ndi akazi awo, amuna awo kapena maphunziro awo, alipo anawapepesa? Ifenso nkhaniyi inatikhudza. Pakati pa 1988 ndi 1992, Amalawi pafupifupi 13,000 ogwira ntchito m'migodi ya ku South Africa anabwezedwa kwawo pa mkangano wa kuyeza HIV, pamene opezeka ndi kachilomboka anali ochepa chabe. Kodi linali thanzi lokha, kapena panalinso zina?

Lero America imayezabe TB, chindoko ndi chinzonono malinga ndi msinkhu wa munthu, ndipo imafunanso umboni wa katemera. Zonsezi ndi zochizika kapena zopeweka. Ndiye ndifunse komaliza: wopezeka ndi TB, bwanji samuuza momveka kuyambira pachiyambi kuti chitseko sichinatsekedwe? Ambiri amalowa m'chipinda chojambulira mtima uli phaphapha, poganiza kuti kadontho kamodzi pachithunzi kathetsa zonse.

Inu amene mukukonzekera ulendo ndipo mukutsokomola, musadikire tsiku la viza. Pitani kuchipatala cha boma lero. Ku Malawi mankhwala a TB ndi aulere, ambiri amachira pa miyezi 6, ndipo mukachira mukhoza kukayezetsanso n'kupempha viza yanu.