Ndudu yomaliza yakweranso mtengo

Amalawi anzanga, zinthu zafika pa mwana wakana phala. Shuga atakwera tinati tizimwera tiyi mbatata. Mafuta ophikira atakwera tinabwerera ku nsinjiro. Tsopano akweza ndudu yomaliza, ndipo apa ndiye andiputa dala.

Mundimvetse bwino, ine sindisuta fodya. Ndinasiya kalekale. Chimene ndimasuta ndi ndudu yomaliza basi. Ndikadzuka, yomaliza. Podikira minibasi ya ku Lunzu, yomaliza. Ndikakwiya kuti yomaliza yatha, yomaliza inanso. Mnyamata wa pa okala pa Lirangwe anazolowera, akangondiona amafunsa kuti, "Madala, zomaliza zingati lero?" Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kusiya fodya kwandidyera ndalama zoopsa.

Ataona kuti ndayamba kupumira m'mwamba ngakhale pamalo opanda chitunda, alamu anga a ku Chileka, amene anakhalako ku Joni, anabwera ndi kabotolo ka mavitamini. Akuti mbulu umodzi umatsuka mitsempha yonse ya magazi. Mtengo wake, pa chibale, ndi wa thumba la chimanga. Ndinakonza pulani msanga: m'mawa mbulu, masana yomaliza, mitsempha ndi fodya aziwonana okha m'katimo.

Anandisokoneza ndi mwana wa mlongo wanga, wophunzira unamwino. Akuti n'zoona, mu 2013 ku Ohio State University anayesa kagulu kochepa ka anthu osuta. Patatha masiku 7 mitsempha yawo inayamba kutambasuka bwino, ndipo amene ankamwa vitamini E wa mtundu wa gamma-tocopherol anapezako bwino kuposa anzawo. Ndinayamba kuwomba m'manja. "Dikirani amalume," iye anatero, "onsewo anayamba asiya kaye fodya." Ndinafunsa ngati panalibe gulu la osuta zomaliza zokhazokha. Akuti panalibe. Asayansi ena ndi atsankho.

Kenaka anawonjezera kuti vitaminiyo amapezeka mu mtedza ndi m'mafuta a soya. Mayi a kunyumba, amene ankasinja pakhonde, anaika munsi pansi: "Ndiye kuti nkhwani wotendera mumaunyoza uja ndi mankhwala a ku America?" Vitamini C nayenso, amene fodya amamutha m'thupi, ali mbwee m'malambe amene ana amagulitsa m'mbali mwa msewu wa ku Zalewa. Choopsa n'chakuti si mbulu uliwonse uli bwenzi la wosuta. Ku Finland, kafukufuku wa mu 1994 anapeza kuti mibulu ya beta-carotene inachulukitsa khansa ya m'mapapo pakati pa amuna osuta. Alamu anatsekera kabotolo kawo m'thumba n'kukumbukira kuti ali ndi maliro kwinakwake.

A WHO amati munthu akasiya, pa mphindi 20 mtima umayamba kugunda modekha. Izi ndimakwanitsa kangapo pa tsiku. Pa maola 12 mpweya woipa wa utsi umatsika m'magazi. Apa ndimalephera chifukwa tambala wa aneba amalira msanga. Pakati pa masabata 2 ndi 12 magazi amayamba kuyenda bwino, ndipo pakatha chaka chiopsezo cha nthenda ya mtima chimatsika ndi theka. Zonsezi n'zaulere. Palibe wokweza mtengo, palibe wofunsa ndalama zakunja.

Koma tiyeni tinene chilungamo. Dziko lino linalowa m'pangano la WHO lothana ndi kusuta fodya mu 2023, komabe ndudu ikugulitsidwa imodziimodzi paliponse, ndipo mwana wa sitandade 4 amaigula popanda womufunsa zaka. Womutuma ndife abambo ake. Tsiku limene dzanja ndi mwendo zidzafe mbali imodzi, tidzaloza chala agogo osalakwa kuti atilodza, pamene wotinyamula kupita kuchimbudzi adzakhala mayi yemweyo tinkamupumira utsi kumaso.

Choncho anzanga a zomaliza, ndalama ya kabotolo gulani mtedza, ndipo pitani kuchipatala cha Lirangwe kapena cha Chileka akakuyezeni BP. Vitamini sangakusiyireni fodya, wosiya ndinu. Ine ndauza kale mnyamata wa pa okala kuti ndikadzabweranso kudzafuna yomaliza, adzandikumbutse ngongole ya zomaliza za mwezi watha.