Kalata yochokera ku Joni: Flames 3, Algeria 0

Johannesburg, 20 Januwale 2010

Kwa a malume ku Bangula,

Masewero a Flames ndi Algeria anachitika Lolemba pa 11 Januwale ku Luanda, m'dziko la Angola, pa mpikisano wa chikho cha Africa. Malawi inali itatha zaka 26 osapondako ku mpikisanowu, chipitireni mu 1984. Algeria inabwera ndi matama, poti inali itapata kale malo ku World Cup ya kuno ku Joni. Bafana Bafana, eni ake a vuvuzela, anaonera pa kanema ngati wina aliyense, chifukwa ku Angola sanafikeko n'komwe.

Chigoli choyamba anamwetsa Russell Mwafulirwa pa mphindi 17, goloboyi Faouzi Chaouchi atasokonezeka. Elvis Kafoteka, wosewera kumbuyo, anaonjezera ndi mutu asanapite kopumulira. Atangobwerako, Davi Banda anathira lachitatu, anyamata a mphunzitsi Kinnah Phiri n'kutseka pakhomo.

A ku Algeria anadandaula kuti kunatentha. Dandaulo limeneli ku Chigwa cha Shire silingaweruzidwe popanda kuseka. Munthu wa ku Ngabu amalima thonje dzuwa lili paliwombo, mu Okutobala mbuzi zimakanganirana mthunzi wa nkhokwe, ndipo usiku banja lonse limayala mphasa pabwalo poti m'nyumba muli ngati uvuni wa njerwa. Tsono wodandaulayo kwawo ndi ku chipululu cha Sahara.

Ku Joni mpira unagwa nthawi ya ntchito. Mapaipi othirira maluwa anasiyidwa akutaya madzi m'mayadi a mabwana, ndipo Amalawi ambiri anadwala mutu nthawi imodzi. Madzulo ake, ena amene kwa zaka akhala akuyankhula Chizulu chothyokathyoka m'mataxi kuti asadziwike kwawo anamveka akukuwa m'Chisena pamsewu.

Chisangalalo chotere chimadya marandi. Ndalama ya malata a nyumba ya ku Bangula, imene mphwanu wina anailonjeza pa Khirisimasi, inathera pa nyama yootcha ndi zakumwa za anthu amene mwiniwakeyo sakuwakumbukira nkhope. Yotsala anaibetchera pa Flames pokumana ndi Angola, Flames n'kugonja 2-0. Kenako Mali inagonjetsanso Flames 3-1, anyamata n'kubwerera kwawo, Algeria yodandaula dzuwa ija n'kupitirira.

Malata ayembekezere mwezi wa Malichi. Pakadali pano denga lifoleredwe ndi udzu ndi pulasitiki, mvula isanalowe.

Mphwanu wa ku Joni