Kalata yochokera ku Joni: Nkhani ya R1,500 ija

Okondedwa Amalume,

Ndili bwino, kungoti chisanu cha Juni chikutikhaulitsa. Zoona, ndinasiya kunyamula matumba. Pano ndimakhala pa kompyuta pashopu ina ku Fordsburg, madzulo n'kumaphunzira kulemba mapulogalamu. Koma musayambe kulengeza kumudzi kuti mphwanu ndi bwana.

Amalume, kompyuta ili ngati mkamwini watsopano: imachita chimene yauzidwa, osafunsa. Siidziwa yokha ngati 50 ndi nambala kapena ndi zolembedwa chabe. M'chilankhulo cha mapulogalamu chotchedwa JavaScript, 50 akakhala m'mitengero amasanduka mawu, ndiye "50" + "50" amatuluka 5050. Yangolumikiza basi! Kuti mupeze 100, muyambe mwasandutsa mawuwo kukhala manambala. Mnyamata amene anatipangira pulogalamu ya pashopu anaiwala zimenezi, moti mayi wina atagula mabotolo awiri a mafuta ophikira anapatsidwa lisiti ya R5050. Mawu amene anatuluka m'kamwa mwake sindingawalembe m'kalata yopita kwa akulu.

Kwina vuto limatembenuka. Nambala ya foni iyenera kusungidwa ngati mawu, chifukwa mukaisunga ngati nambala yowerengetsera, ziro wa kutsogolo amatayidwa, 0999 n'kukhala 999. ID ya eni dziko kuno ili ndi manambala 13, ndipo 6 oyambawo ndi chaka, mwezi ndi tsiku lobadwa. Wobadwa mu 2005 amayamba ndi 05. Ziro akachoka amatsala ndi 12, makina n'kumukana. Ziro akakhalapo, pulogalamu yopusa imamuyesa wa 1905, mnyamata wopanda ndevu n'kukhala wamkulu kuposa agogo.

Za madeti ndiye musanene. 03/04/2025 kwathu ndi pa 3 Epulo, ku America ndi pa 4 Malichi, pomwe kuno mafomu ambiri amayamba ndi chaka: 2025/04/03. Pulogalamu ya Excel imasunga deti ngati chiwerengero cha masiku kuyambira mu 1900, kotero pa 1 Januwale 2024 kwa iyo ndi 45292.

Tsopano ku nkhani yathu. Uthenga wanu ndinaulandira, wakuti nditumize R1,500 ya feteleza. Kuno ku Joni mpatuliro ndiye umalekanitsa malandi ndi masenti, pamene kwathu timaika kadontho. Nditaika 1,500 mu kompyuta yotcheredwa mwa kuno, inawerenga landi imodzi ndi theka. Ndinatsutsa, Amalume, koma makina sanama. Ndalamayo ndaikonza kale, R1,50 yonse. Vuto n'lakuti yotumizira ikuposa yotumizidwayo, choncho ndibwera nayo ndekha pa basi nthawi ya Khirisimasi.

Mupereke moni kwa azakhali ndi ana onse. Mayi muwauze kuti bulangete lawo ndagula.

Ndine mphwanu,
wa ku Joni