Mmene mungatsikire m'munda wa chimanga ndi DC-3

Kuwombetsa ndege kuphiri pa kompyuta n'kwachibwana, mwana aliyense angathe. Luso lili pa kuizimitsira m'mwamba pang'onopang'ono, nyengo ili bwinobwino, popanda chothyoka chilichonse. Pa ntchito imeneyi ndikulangizani Douglas DC-3, ndege yomwe idauluka koyamba pa 17 Disembala 1935, yomwenso Air Malawi idayamba nayo ntchito mu 1964. Mu Microsoft Flight Simulator ilimo: idalimo m'sewero lomwe lidatuluka mu 2003, ndipo adaibwezanso mu 2022 pokumbukira zaka 40 za seweroli.

Dziwiranitu kuti ndegeyi ikukanizani. Mathanki ake anayi amanyamula magaloni pang'ono kuposa 800, ndipo injini zake ziwiri za Pratt & Whitney R-1830 zikamayendetsedwa mwaulemu zimamwa magaloni 90 mpaka 100 pa ola zonse pamodzi. Ndiye kuti ingathe kukhala m'mwamba maola asanu ndi atatu, pomwe kuchoka ku Chileka kukafika ku Harare ndi maola awiri basi. Kuti mafuta akuthereni pa ulendo wotere pafunika khama.

Khamalo liyambire pansi, pa masamu. Pezani buku lakale la Angerezi, omwe ankaitcha ndegeyi Dakota, muwerengemo kuti imamwa magaloni angati pa ola. Nambala imeneyo mukailembe m'sewero lomwe limawerenga magaloni a ku America. Galoni ya Angerezi ndi malita 4.5, ya ku America ndi malita 3.8, choncho musananyamuke n'komwe mwadzibera kale gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a mafuta anu. Ulendo ngwa maola awiri, thirani a maola awiri ndendende. Oyendetsa enieni amawonjezera ofikira bwalo lina ndi enanso a mphindi 45 ongosungira. Amenewo ali ndi ana kunyumba. Inu muli pampando wa m'chipinda chanu. Za mphepo musafunse. Ikakhala yochokera kutsogolo, mudzaidziwira pomwepo mukadzaona mtsinje wa Zambezi ukuchedwa kufika.

Tsopano pakati pa mipando iwiri ya oyendetsa pali mahandulo asanu ndi limodzi, awiriawiri: a pulopela, a throttle ndi a mixture. Akankheni onse kutsogolo, mkono mubweze, musawakhudzenso mpaka Harare. Ponyamuka injini imafikadi pa mainchi 48 a manifold pressure ndi RPM 2,700, n'kupereka mphamvu ya akavalo 1,200. Opanga injiniyo adati mphamvu yotere ndi ya kanthawi kochepa, kongokwanira kuchoka pansi, kenako muchepetse kufika cha m'ma 36 ndi 2,350 pokwera, ndipo mukafika m'mwamba mukhazikike cha m'ma 30 ndi 2,050. Musawamvere. Pa mphamvu yonse injini imamwa mafuta kuposa kawiri muyeso wake wa paulendo, koma liwiro limangowonjezekera pang'ono, chifukwa mukamathamanga kwambiri mpweya nawo umakaniza kwambiri. Mudzamva phokoso lokoma m'mahedifoni, mudzaona ngati mukufulumira. Zikufanana ndi kuyenda pa minibasi kuchokera ku Limbe mpaka ku Zomba pa giya yachiwiri, phazi lili pansi.

Handulo ya mixture ndiyo bwenzi lanu lenileni, ndipo apa ndikhalitsepo. Ili ndi malo ake olembedwa: Auto Rich, Auto Lean ndi Idle Cut-Off. Auto Rich imathira mafuta ochuluka kuposa omwe angapse, ndipo n'zadala, poti otsalawo ndiwo amaziziritsa masilinda injini ikamagwira ntchito yakalavulagaga. Mukafika m'mwamba n'kuchepetsa mphamvu, kuziziritsa kotero sikufunikanso, ndiye pali Auto Lean. Inu isiyeni pa Auto Rich ulendo wonse. Palibe nyali idzayake, palibe belu lidzalire, mafutawo adzangotuluka mwakachetechete ku ekizozi. Wina akakuuzani za Charles Lindbergh, sinthani nkhani. Mu 1944 bamboyu adapita ku New Guinea n'kukaonetsa oyendetsa ndege zankhondo za P-38 kuti akatsitsa RPM, n'kusunga manifold pressure yokwera ndithu, mixture ili pa Auto Lean, angafike kutali kuposa momwe ankafikira pa mafuta omwewo. Ambiri ankaopa kuti injini ziwonongeka, koma sizidawonongeke. Munthu woti mu 1927 adauluka maola 33 ndi theka kuchoka ku New York kukafika ku Paris pa injini imodzi alibe chokuphunzitsani inu pa cholinga chathuchi.

Mukafuna kuoneka ngati mwamumvera, chitani mosemphanitsa. Lamulo limati pochepetsa mphamvu muyambe kubweza throttle, pulopela pambuyo. Inu kokani pulopela mpaka m'munsi throttle ikadali kutsogolo. Mafuta m'masilinda 14 aja adzayamba kuphulika m'malo moyaka bwinobwino, ndipo ngati amene adapanga ndege yanu ya pa kompyutayo adali wakhama, utsi muuona posachedwa.

Tizitseko tozungulira injini, totchedwa cowl flaps, timakupatsani mwayi wosankha. Mukatisiya totsegula kukamwa ulendo wonse, timakaniza mphepo n'kukudyerani liwiro. Mukatitseka pansi pomwe muli pa mzere kudikira kunyamuka, masilinda amatentha. Zonse n'zabwino, tengani yomwe yakukomerani.

Mukalowa m'mitambo ya chinyezi, yang'anani RPM yokha. Idzakhala pomwepo osasuntha, mtima wanu n'kukhala m'malo. Siingasunthe ndithu, poti pulopela ya ndegeyi imadzisinthira yokha mapendekedwe a mapeni ake kuti izizungulira pa liwiro lomwe mudaiuza, kaya injini ili bwino kaya ikutsamwa. Chomwe chimaulula kuti m'kabuleta mwayamba kuundana ayezi ndi muvi wa manifold pressure, womwe umatsika pang'onopang'ono, inchi imodzi, kenako ina, popanda wokhudza throttle. Mukauona ukutsika, kankhani throttle kuti ubwerere, handulo yotenthetsa kabuleta muisiye. Dzitonthozeni kuti kuno ndi ku Africa, kunja sikukuzizira. Ayezi wa m'kabuleta sadikira chisanu: mafuta akamasanduka nthunzi kutentha kumagwa kwambiri, moti amaundana ngakhale kunja kuli madigiri 20.

Koma njira yomwe ndimaiona kuti njapamwamba kuposa zonsezi ndi yozimitsa injini mafuta muli nawo. DC-3 ili ndi geji imodzi yokha ya mafuta, yokhala ndi kachotembenuza kosankhira thanki yomwe mukufuna kuona. Injini iliyonse ilinso ndi chosankhira chake cha thanki yomwe izimwamo. Lozetsani injini zonse ziwiri ku thanki imodzi, geji muilozetse ku thanki ina yomwe palibe akumwamo. Muvi udzaima nji, inu n'kumaitama ndege yosamwa mafuta. Kuti zichitike msanga, fulumizitsani nthawi ya seweroli kasanu ndi katatu, mupite kukatereka madzi a tiyi. Pobwera mudzapeza m'chipinda muli zii.

Mwina mudalakwitsa n'kupatsa injini iliyonse thanki yakeyake, ndiye yazima imodzi yokha. Musataye mtima. Ndegeyi imatha kuuluka ndi injini imodzi ngati pulopela ya yakufayo mwaitembenuza kuti mapeni ake aloze kumphepo, ndipo mabatani ochitira zimenezi ali awiri pamwamba pa mutu wanu. Ophunzitsa amati phazi lomwe silikuponda kanthu ndilo lili kumbali ya injini yakufa, ndipo amati musanadine batani muyambe mwabweza throttle ya mbali imeneyo kuti mutsimikize. Inu nthawi ya zimenezo mulibe. Dinani lomwe dzanja layamba kukhudza. Mwayi woti mwapha injini yamoyo ndi theka, ndipo ukakuphonyani batani linalo lili pafupi.

Mukatsetsereka n'kuima pakati pa mizere ya chimanga, lembani kalata yaukali kwa opanga seweroli kuti ndege yawo imamwa mafuta mosagwirizana ndi buku. Musatchule za mixture, ndipo akapempha chithunzi cha mageji anu, nenani kuti mudafufuta.

Chenjezo limodzi lokha. M'zosankha za seweroli muli kabokosi kopatsa ndege mafuta osatha, ndi kena kokuyendetserani mixture. Musanayambe, onetsetsani kuti tonse tiwiri n'tozimitsa, apo ayi mudzachita zonse ndalembazi mosaphonya n'kukatera ku Harare nthawi yabwino.