Pusi wa m'tiirumu

Pamene makolo ankati "ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada," ankanena za pusi wolumpha nthambi iyi ndi iyo pofuna chipatso chilichonse chimene waona. Pusi wa masiku ano sakwera mtengo. Amakhala pa benchi m'tiirumu, supuni ili m'manja, maso ali pa mbale ya shuga. Mwini malo akangotembenuka kukatenga sikono, supuni yachisanu ndi chiwiri yalowa kale m'kapu. Mukamuyang'ana amati, "Achimwene, shuga wa masiku ano sakoma." Chonsecho shugayo wangoti phee pansi pa kapu, poti munthu wothira mobisa satakasa, kuopa kuti supuni ingalire.

Madzi alibe mlandu pa nkhaniyi. Madzi okwana mamililita 100, pa madigiri 20, amasungunula shuga pafupifupi magalamu 200. Ndiye kuti kapu ya mamililita 250 ikhoza kumeza theka la paketi ya kilogalamu imodzi, bola mutakase mpaka mkono uchite dzanzi. Madzi akafika powira amameza kuposa kawiri pamenepo. Tizigawo ta madzi, tosaoneka ndi maso, timazinga kambulu ka shuga n'kumakagomola pang'onopang'ono mpaka kathe. Kutakasa kumangofulumizitsa ntchitoyo, koma moto ndiwo umasuntha malire. Tsono bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole magalamu pafupifupi 50 a shuga wothira pa tsiku, omwe ndi masupuni aang'ono 12, kuwerengera ndi wa mu Sobo yemwe. Kapu ikadali ndi malo ambiri, thupi la mwini kapu latopa kalekale.

Mchere ndiye wamakani. M'madzi omwewo a mamililita 100 mumalowa magalamu 36 basi, ndipo ngakhale muthere nkhuni zonse za pakhomo mungofika pa 39. Wotsalawo ukhala pansi pa poto n'kumakuyang'anani. Mafuta amakaniratu: amangoyandama pamwamba, chifukwa chinthu chimasungunuka mwa chinzake chofanana nacho chibadwa. N'chifukwa chake makaniko amatsuka girisi ndi petulo kapena parafini, osati madzi a pa mjigo.

Malire amenewa ena amadyerapo. Ku Nchalo ndi ku Dwangwa, a Illovo amawiritsa madzi a nzimbe mpaka ochuluka atathawa ngati nthunzi. Otsalawo amalephera kusunga shuga yense ali m'menemo, ndiye amayamba kumulavula ngati timibulu, tomwe tija pusi wathu akuba m'tiirumu. Madzi akakhuta sachita manyazi, amabweza.

Ife ndiye sitibweza. Taonani malipiro. Tsiku lolandira thumba limakhala lowira, ndipo chilichonse mungaponyemo chimasowa osasiya chizindikiro: foni yolipira pang'onopang'ono, bando ya intaneti ya mwezi wathunthu, kanyenya wa anzanu asanu amene mwawadziwira pa chiwaya pomwepo, nsalu ya ukwati wa mwana wa msuweni wa neba. Mumatakasa, mumayang'ana, thumba lili mbee. Mumati likadali ndi malo. Mukatero mumalowanso banki m'khonde yachitatu, n'kulonjeza ku tchalitchi matumba awiri a simenti anthu akuombera m'manja.

Pofika pa 10 thumba lazizira, ndipo zimene aphunzitsi a sayansi ankachita m'kalasi ndi kabotolo koviika m'madzi ozizira zimachitika pakhomo panu. Zonse zinasungunuka m'kutentha zija zimayamba kutulukira chimodzichimodzi. Ngongole ya foni imabwera ndi uthenga m'mamawa. Ya banki m'khonde imabwera ndi amayi atatu atamanga zitenje molimba, mmodzi atanyamula kope. Eni nyumba ndiwo mchere weniweni: kaya mwalandira kaya simunalandire, mlingo wawo ndi womwewo, ndipo nkhani ya maliro akumudzi siwasungunula.

Wa katapila yekha satulukira, chifukwa sanasungunukepo chiyambire. Iye ndi mafuta. Mutakase ndi mawu okoma, mumutenthetse ndi malonjezo a gulu la chipereganyu limene mulandire sabata yamawa, angogawanika timadontho kwa kanthawi, n'kusonkhananso pamwamba ali wokulirapo kuposa dzulo. Pa 15 mudzamupeza atayedzamira njinga yake pa geti, akufunsa ana ngati wailesi yakanema ija ikugwirabe ntchito.